Kapepala ka Abiti Lumpha

MUTU 7

1. Lichero la kumudzi

Katundu wa kumudzi anafika Lachiwiri masana, atagona masiku anayi pamsewu. Anabwera pa lole ya anthu aja amanyamula katundu pakati pa Malawi ndi Joni, ndipo pofika ku Olievenhoutbosch, kufupi ndi Pretoria, thumbalo linali litachita kufiira ndi fumbi la mayiko atatu.

Amene analimasula ndi Hadijah Matola, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Amalume ake, Che Swalehe, anali asanaweruke ku Irene kumene ankasamalira kapinga ndi maluwa a eni ake. Awiriwa ankakhala m'kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wogulitsa mandasi, aja kumeneko amati magwinya.

M'thumbamo munali mpunga, nandolo, matemba ndi makaka pang'ono. Koma pansi penipeni panali chinthu chimene Hadijah sankachiyembekezera: lichero lakale, lakuda ndi utsi, mkombero wake womangidwa ndi kawaya pamalo pamene panathyoka.

Analizindikira nthawi yomweyo. Linali lichero la malemu amayi ake.

Amayi ake aang'ono anali atanena kale pafoni kuti nyumba ya malemuwo inagwa ndi mvula ya mu Febuluwale. Linatsala ndi khoma limodzi la kukhonde, ndipo pakhomapo lichero linali chipachikire pamsomali. "Mumupatse mwanayo," anatero, "akhale nako kanthu ka amake."

Hadijah anachoka ku Machinga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, maliro atangotha. Za kumudzi ankakumbuka zochepa, zomwezonso zodukaduka. Ankakumbuka amayi ake atakhala pakhonde, miyendo atawongola, mpunga ukuvina m'lichero, tsa, tsa, tsa. Ankakumbuka fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa. Ankakumbukanso kakangaude kena kamene kankayenda pakhoma dzuwa likatentha, kuima, kutembenuka, kenako jowu! kagwira ntchentche.

Tsiku lina iye anafuna kukapha ndi silipasi, amayi ake n'kumugwira dzanja. "Ayi iwe! Ameneyo ndi Abiti Lumpha, mlonda wathu. Alibe nawe mlandu, ntchito yake ndi ntchentche." Dzina limenelo simungalipeze m'buku lililonse. Linali la pakhomo pawo pokha, lopeka amayi ake, munthu wanthabwala amene ankapatsa maina ngakhale mapoto.

Tsono pamene Hadijah anakweza lichero lija kuti alinunkhize, mumkombero munatuluka kanthu. Kanali kochepa ngati njere ya nandolo, kofiirira, ka timizere toyera. Kanalumphira padzanja pake, n'kutembenuka, n'kumuyang'ana ndwii ndi maso awiri aakulu a kutsogolo, ngati mlendo wofuna kufunsa njira.

"Abiti Lumpha!" anafuula Hadijah. "Mwafika bwanji kuno, inu?"

Analira, osati pang'ono. Atapukuta misozi anatenga kabotolo, n'kulowetsamo mlendoyo mosamala, n'kuboola timabowo pachivindikiro.

2. Kwa Gogo Spinnekop

Pano tiulule kanthu kena ka mtsikanayu. Kusukulu kunalibe munthu wotchedwa Hadijah. Kunali Dija wa ku Limpopo, wolankhula Chisepedi chakuthwa ngati wobadwira pompo. Dzina la Matola linkamuthandiza, pakuti a Matola aliponso kumpoto kwa dziko la Joni. Ngakhale mnzake wapamtima, Kgomotso, amene ankanyemerana naye buledi pa buleki, sankadziwa kuti Dija ndi Mmalawi.

Loweruka lililonse m'mawa, ophunzira asanu ndi atatu a pasukulu pawo ankakwera takisi kupita ku Irene, kwa Dokotala Labuschagne. Amenewa sanali dokotala wa anthu ayi. Anali mayi wokalamba amene anatha zaka makumi anayi akufufuza za akangaude odumpha, ndipo atapuma pantchito anasandutsa galaja yawo kukhala kalasi. Ana ankawatcha Gogo Spinnekop, kapena kuti Agogo Kangaude, iwo n'kumavomera mosangalala.

Takisi yomweyo ankakweranso Che Swalehe popita kuntchito. Koma panali lamulo, ndipo wolilimbikira anali Hadijah: m'takisi sadziwana. Amalume kutsogolo, iye kumbuyo ndi anzake. Taganizani, munthu amene wakulera kuyambira uli kamwana, kumudutsa ngati mtengo! Koma zinkatero Loweruka ndi Loweruka.

Tsiku limenelo Gogo Spinnekop ankaphunzitsa za maina.

"Akangaude onse odumpha ndi banja limodzi, lotchedwa Salticidae," anatero, akugogoda tebulo ndi pensulo. "Palibe banja la akangaude lalikulu kuposa limeneli. Mitundu yodziwika yapitirira zikwi zisanu ndi chimodzi, ndipo chaka ndi chaka ikupezeka ina. M'banjamo muli mafuko, m'fuko muli mitundu. N'chifukwa chake aliyense ali ndi maina awiri. Uyu wotuwa amayenda pakhoma la galaja yangayu ndi Menemerus bivittatus. Menemerus ndi fuko lake, ngati dzina la makolo limene mumagawana ndi abale anu. Linalo ndi la mtundu wake wokha."

Kenako analoza mapu aakulu a Afrika amene anali pakhoma, odzaza ndi timadontho.

"Banja limeneli lili ponseponse padziko, kupatula ku Antarctica kuja kuli madzi oundana okhaokha. Ngakhale m'mwamba mwa mapiri a Himalaya, kumene munthu amapuma mobanika, aliko. Ena ndi oyendayenda, amakwera sitima ndi malole a anthu. Wotuwa ujayu wafika pafupifupi m'mayiko onse otentha. Koma ena ali ndi kwawo, sachokako. Timadziwa bwanji? Kadontho kalikonse mukukaona apaka ndi munthu wina amene anagwira kangaude n'kulemba zoona za kumene anamupeza."

Itakwana nthawi yoonetsa zimene aliyense wagwira sabata imeneyo, Hadijah anatulutsa kabotolo kake. Gogo anakayang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta magalasi awo, n'kukayang'ananso.

"Uyu sindikumudziwa bwino. Undisiyire sabata imodzi. Koma choyamba kapepala, Dija. Ukudziwa lamulo langa."

Lamulolo aliyense ankalidziwa. Kabotolo kalikonse kankayenera kukhala ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo: malo, chimene kangaude anapezekapo, tsiku, ndi dzina la womugwira. Gogo ankati kangaude akadzafa amasungidwa mu sipiliti pamodzi ndi kapepala kake, ndipo kapepalako kamawerengedwa ngakhale patapita zaka zana.

Hadijah anatenga pensulo. Kgomotso anali atatsamira paphewa pake, akutafuna chingamu m'khutu mwake mwenimweni. Akanalemba bwanji za lichero? Lichero lochokera kuti? Lotumiza ndani?

Analemba kuti: Olievenhoutbosch, pakhoma la kuseri kwa nyumba. 11 Malichi. D. Matola.

3. Kadontho kofiira

Loweruka lotsatira anapeza Gogo Spinnekop akuwadikira pageti, chinthu chimene sankachita. Tsitsi lawo loyera linali nyankhalala, ndipo nsapato anavala zosiyana.

"Lowani, lowani! Dija, bwera kutsogolo kuno!"

M'galaja muja, kabotolo kanali pansi pa maikulosikopu, makina aja okuza tinthu tating'ono. Mlendo uja anali bwinobwino, mimba ili tuu ndi tintchentche timene ankamupatsa.

"Choyamba, ndi wamwamuna," anatero Gogo. "Onani timanja tiwiri iti pafupi ndi kukamwa, totupa ngati magolovesi a ankhonya. Pamenepo ndi pamene timasiyanitsira mitundu, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi kapangidwe kakekake."

Hadijah anangotsala pang'ono kuphulika ndi phwete. Abiti Lumpha, wamwamuna! Amayi ake akanamva akanaseka mpaka kugwira nthiti, n'kumusintha kukhala Che Lumpha pompo. Koma analibe womuuza nthabwala imeneyo, ndiye anangoimeza.

"Chachiwiri ndi ichi," anapitiriza Gogo. "Ndafufuza m'mabuku anga onse usana ndi usiku. Mtundu umenewu ulimo, koma madontho ake onse ali kumpoto, kumadera otentha, kutsidya kwa Zambezi. Kum'mwera kwa mtsinje wa Limpopo sindikupeza ngakhale limodzi. Tsono Dija wamupeza pakhoma ku Olieven, mtunda wopitirira makilomita chikwi kuchokera kwa abale ake. Mukumva zimene ndikunenazi? Malire a mtundu umenewu asuntha!"

Anatenga cholembera chofiira n'kuika kadontho pamapu, pafupi ndi Pretoria. Kanali kokhakokha, kutali ndi anzake.

"Loweruka likubwerali titumiza zithunzi ndi kapepala kwa anzanga amene amasunga kaundula wa akangaude. Dzina la womugwira lidzalembedwa: D. Matola. Ine ndinadikira mpaka zaka makumi atatu ndisanapeze mwayi wotere."

Ana anawomba m'manja. Kgomotso anamukumbatira mnzake mpaka kumunyamula. "Eish, chomi, mnzanga iwe, watchuka! Olieven yathu yomweyi, ya fumbi, yalowa m'buku chifukwa cha iwe!"

Tisanamizane, Hadijah anakondwa. Ndani sangakondwe? Chibwerere ku Joni, aka kanali koyamba kuti anthu amuwombere m'manja. Gogo anamupatsa mapu aang'ono okhala ndi kadontho kofiira komweko kuti akapachike kunyumba, iye n'kuwapinda bwino, n'kuwaika m'buku la masamu.

Koma sabata imeneyo chakudya sichinamukomere. Akayang'ana lichero lija pamsomali pamene analipachika, ankathawitsa maso.

4. Thomas wa ku Giyani

Lachisanu Che Swalehe ankaweruka masana chifukwa cha mapemphero. Madzulo ake, dzuwa likadalipo, anakhala pakhomo atayika lichero la mlongo wawo pamiyendo, akusankha mpunga. Kupeta sankatha, ankangotola timiyala ndi zala kamodzikamodzi.

Pambali pawo panali mapu aja. Anali atagwa m'buku pamene amalumewo ankasesa.

"Kadontho kofiira aka n'kachiyani?" anafunsa.

Hadijah anafotokoza zonse mothamanga, za banja, za mafuko, za malire amene asuntha, za dzina lake limene lidzalembedwe m'kaundula. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto.

"Kangaude wake ndi uja anatuluka m'licheromu?"

"Eya, Anjomba." Umu ndi mmene ankawaitanira, monga amachitira kwawo kwa Ayao.

"Oo. Ndiye kuti licheroli linamera ku Olieven konkuno?"

"Koma sindinaname kwenikweni, Anjomba. Ndinamugwiradi kuno."

"Pakhoma?"

Che Swalehe anasendera pang'ono pamkeka kuti mwana apeze malo.

"Khala pansi, mwana wa mlongo wanga, ndikuuze za Twalha. Sindinakuuzepo chifukwa nkhani yake imandiwawa.

"Ine ndi Twalha tinakulira limodzi, kujando tinalowa limodzi, ndipo kuno tinabwera pa lole imodzi titakhalira matumba a eni. Atafika anaona mmene Mmalawi amavutikira, ndiye anasintha. Anakhala Thomas wa ku Giyani, tauni ya ku Limpopo. Chilankhulo anachigwira kuposa iweyo. Anapeza ntchito ya ulonda pamafulati ena ku Arcadia, n'kusamukira komweko. Tikakumana mumsewu ankayang'ana kumbali. Ine sindinkamuda ayi. Ndinkadziwa kuti ndi mantha.

"Tsiku lina anagwa ali pantchito, osadzukanso. Mabwana ake anatenga pepala limene iye mwini analemba polowa ntchito: Thomas, kwawo ku Giyani. Anatumiza uthenga ku Giyani. Akanayankha ndani? Ku Giyani kunalibe amake, kunalibe mlongo wake, kunalibe ngakhale galu womudziwa. Thupi linakhala m'nyumba ya chisoni milungu isanu. Iwe mwambo wathu ukuudziwa, munthu akatisiya m'mawa, pofika madzulo timakhala titamugoneka. Milungu isanu, Hadijah!

"Ife tinamva mochedwa, kwa mayi wina wogulitsa zipatso amene anamumvapo akung'ung'udza nyimbo ya Chiyao akusesa pageti. Titapita kukamutenga anatiuza kuti, 'Inu mukufuna Twalha, ife tili ndi Thomas.' Tinayenda m'maofesi masiku asanu ndi anayi kuti timulanditse kwa pepala lake lomwe. Amake kumudzi ankaimba foni tsiku ndi tsiku kufunsa ngati mwana wawo wasambitsidwa. Potsiriza pomusambitsa, amene anagwira kumutu ndine. Sindidzaiwala mpaka nane adzandisambitse."

Anatola kamwala mumpunga n'kukaponya kutali.

"Usaganize kuti ndikuloza iwe wekha. Amene anakuphunzitsa kutseka pakamwa m'takisi ndine, chaka chija ankawotcha mashopu a alendo. Unali kamwana, ndipo ndinkafuna uzifika kunyumba wamoyo. Tsiku limenelo litabweranso ndikhoza kuchitanso chimodzimodzi. Koma ine ndinati ukhale chete, sindinati ulembe. Kukhala chete kumatha ukatsika takisi. Zolemba zimatsala, ndipo amadzaziwerenga anthu amene sangakufunsenso.

"Nyumba ya amako yagwa. Chamoyo chimene chachoka pakhoma lija n'kufika kuno ndi kakangaude kameneka basi. Kanawotha dzuwa pamene mlongo wanga ankawotha. Tsono iwe ukufuna kukasandutsa Thomas wa ku Giyani?

"Sindikukukakamiza. Akamva kusukulu ena adzakuseka, mwinanso kuposa kuseka, zimenezo sindikubisira. Kadontho kakonso kafufutidwa. Ungoti posankha, usankhe ukudziwa chimene ukutaya uku ndi uku."

Hadijah anatambasula manja.

"Bweretsani lichero, Anjomba. Inu simutha."

Anayesa kupeta monga ankaonera kalekale. Mpunga unalumpha, theka n'kubwerera m'lichero, theka n'kumwazikira pamkeka. Che Swalehe anaseka mpaka kutsokomola.

"Amako akanakutcha Abiti Mwaza," anatero, misozi ili m'maso. Awiriwo anagwada n'kuyamba kutola mpunga.

5. Kwathu ndi kuti?

Loweruka m'galaja munali chisangalalo. Gogo Spinnekop anali ataphika makeke, kompyuta ili chiyatsire patebulo, zithunzi za kangaude zili mbee. Chinatsala ndi kutumiza basi.

"Bwera, Dija. Uwerenge kapepala kako mokweza, kenako udine wekha batani."

Hadijah anaimirira. Anayang'ana m'kabotolo, ndipo mlendo uja anatembenuka n'kumuyang'ananso ndi maso ake aja.

"Gogo, kapepalaka n'kolakwika."

"Walakwitsa tsiku?"

"Ayi. Malo. Sanali pakhoma. Anatuluka m'lichero, chopetera mpunga, chimene chinabwera pa lole kuchokera ku Malawi. Linali la amayi anga. Iwo anamwalira." Anatembenukira kwa Kgomotso. "Ine si wa ku Limpopo. Kwathu ndi ku Machinga, ndipo dzina langa ndine Hadijah."

Kgomotso analeka kutafuna chingamu.

Gogo anavula magalasi n'kukhala pampando pang'onopang'ono. Anakhumudwa, ndipo sanabise.

"Ndinali nditawauza kale anzanga awiri," anatero. "Ndiyenera kuwaimbira n'kuwauza kuti nkhalamba inathamanga." Anaimirira, n'kunyowetsa kansalu, n'kupukuta kadontho kofiira kaja mpaka pamapu panangotsala kabanga. "Ukudziwa chimene chikanachitika? Wophunzira wina akanatha zaka akusuzumira m'makoma a ku Olieven kufuna wamkazi wake, osamupeza. Wina akanalemba buku lonena kuti mtundu umenewu umapirira chisanu cha kuno. Bodza limodzi likanabala ana. Unalakwa kulemba, Hadijah, koma wachita bwino kunena batani lisanadinidwe."

Aka kanali koyamba kuti dzina limenelo limveke m'kamwa mwa munthu wa kunja kwa nyumba yawo.

"M'lichero mwakemo munali kathumba koyera ka ulusi?" anafunsa Gogo.

"Munali, mumkombero."

"Ndiye kanyumba kake kogona kameneko. Anabwera nako. Tilemba zonse ziwiri, kumene anagwidwa ndi kumene anachokera." Anayendetsa chala pamapu, kukwera kumpoto, kuwoloka Limpopo, kuwoloka Zambezi. "Machinga ndi apa. Taona, pamapu angawa malo onsewa ndi oyera, ndilibe dontho ngakhale limodzi. Koma Machinga ndi boma lalikulu. Mudzi wake ndi uti?"

Hadijah anatsegula pakamwa. Dzina silinabwere.

Khonde ankaliona. Msomali wa lichero ankauona. Ngakhale chitenje chobiriwira cha amayi ake ankachiona. Koma dzina la mudzi, limene kwa zaka khumi sanalitchule kwa munthu aliyense, linali litapita. Anayesa, anayesanso, mutu uli mbuu. Manyazi amene anamugwira pamenepo anaposa a bodza lija.

"Sindikukumbuka," anatero motsitsa.

"Alipo amene angadziwe?"

Hadijah anatulutsa foni. Akanatha kutuluka panja n'kukalankhulira kuseri kwa galaja. Sanatuluke. Anaimba ali pomwepo, pamaso pa anzake asanu ndi awiri, ndipo Chichewa chinamveka m'galaja muja kwa nthawi yoyamba.

"Anjomba, ndine Hadijah. Kwathu ndi kuti?"

Kumbali inayo kunkamveka makina otchetchera kapinga. Makinawo anazima. Che Swalehe anayankha ndi mawu osasa.

"Kwa Mlelemba, mwanangu. Kwanu ndi kwa Mlelemba. Ukadutsa Nselema, n'kukhotera kumanja pamene pali mitengo iwiri ya mango. Nyumba ya amako inali yachitatu kuchokera pamjigo."

"Kwa Mlelemba," anabwereza Hadijah, ndipo dzinalo linakhala bwino palilime pake ngati silinachokepo.

Anatenga kapepala katsopano. Misozi inkagwera patebulo. Analemba kuti: Anagwidwa ku Olievenhoutbosch, m'lichero lochokera kwa Mlelemba, Nselema, Machinga, Malawi. 11 Malichi. Hadijah Matola.

Gogo anakawerenga kawiri, n'kukamata pakabotolo. Kgomotso anayandikira, n'kujambula kapepalako ndi foni yake.

Pobwerera, takisi inaima pamalo a masiku onse, Che Swalehe ali kale pampando wa kutsogolo, nsapato zili ndi udzu. Anayang'ana kumbali monga mwa lamulo. Hadijah anatsegula chitseko cha kutsogolo komweko.

"Tasenderani, Anjomba," anatero mokweza. "Mwaswera bwanji?"

Bambo wamkuluyo anasendera. Anangomugwira dzanja n'kulisunga.

Kgomotso anakakhala kumbuyo kwenikweni, payekha, mutu uli pafoni. Takisi isanatuluke n'komwe mu Irene, foni ya Hadijah inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa pagulu la pafoni la kalasi yawo, mmene munali ophunzira makumi anayi ndi atatu. Kgomotso anali ataponyamo chithunzi cha kapepala kaja, zilembo zonse zikuwerengeka bwinobwino, mpaka liwu loti Malawi.

Mawu otsagana ndi chithunzicho anali asanafike. Pamwamba pa foni pankangoonetsa kuti Kgomotso akulemba. Ankalemba, n'kuleka, n'kuyambanso. Kaya anali mawu omuikira kumbuyo kaya omunyoza, Hadijah sankadziwa. Takisi inakhotera mumsewu wa ku Olieven, Kgomotso akulembabe.